Filosofi si ya azungu okha, vuto ndi malipiro

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhe anzathu amene amaseka mwana akasankha filosofi (phunziro lofufuza mozama za moyo, nzeru ndi choonadi) ku yunivesite, amvekere: "Zimenezo n'za azungu, adzadya chiyani?" Funso la kudyalo n'lomveka. Koma zoti n'za azungu, aiwala Anton Wilhelm Amo.

Amo anabadwira kufupi ndi Axim, m'dziko lomwe lero ndi Ghana, ndipo anatengedwa ali kamwana kupita ku Germany, komwe anakulira kunyumba yachifumu ya ku Wolfenbüttel. Analowa yunivesite ya Halle mu 1727, ndipo mu 1734 analandira digiri ya udokotala ku Wittenberg. Sanaope kutsutsa Descartes, katswiri wotchuka wa filosofi wa ku France. Malinga ndi Amo, ukaponda khala la moto, chomwe chamva kutenthako ndi thupi lamoyo. Maganizo amangozindikira, sapsa nawo. Pambuyo pake anaphunzitsa ku Halle, kenako ku Jena kuyambira mu 1739.

Ku Halle komweko, mu 1735, mnyamata wa zaka 21, Alexander Baumgarten, anayala maziko a phunziro la aesthetics, lofufuza kukongola ndi momwe ndakatulo kapena chithunzi chimatigwirira mtima. Pofika 1740 anali atapatsidwa mpando wa pulofesa ku Frankfurt an der Oder. Amo mpando wotere sanaulawe. Ankayenda ndi miyendo ya omuthandiza, ndipo iwo atatha kumwalira, womaliza kukhala Johann Peter von Ludewig mu 1743, anatsala yekha pakati pa anthu omunyoza chifukwa cha khungu. Cha m'ma 1747 anabwerera kwawo.

Ngakhale katswiri wotchuka wa filosofi wa ku Germany, Immanuel Kant, yemwe ankaphunzitsa pogwiritsa ntchito mabuku a Baumgarten, anakhala zaka 15, kuchokera 1755 mpaka 1770, wopanda mpando. Ankadya ndalama zomwe ophunzira ankalipira polowa m'kalasi mwake, n'kumagwiranso ganyu ya m'laibulale. Kusiyana kwake n'koti iye anali pakwawo, anali ndi podikirira.

Mwana wathu wokhoza filosofi ku Zomba lero akadalirabe mwayi wa mtundu wa Amo: pulofesa mmodzi womukonda, kapena thandizo lochokera kunja lomwe limatha digiri isanathe. Boma ndi mayunivesite athu akamagawa ndalama za maphunziro a masitazi ndi udokotala, asamangoona za sayansi ndi zaulimi. Aikepo malo angapo a filosofi chaka chilichonse, ndipo omaliza maphunzirowo awalembe ntchito yokhazikika, osati yolipidwa pa ola.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sekondale, Zomba