Asilikali a mu mtima si oti tizingowachulukitsa kapena kuwatontholetsa

Akonzi,

Malonda a mankhwala "okweza chitetezo cha m'thupi" achuluka, ndipo ena ayamba kunena kuti amalimbitsanso mtima. Chitetezo si chinthu chimodzi chongokweza kapena kutsitsa, makamaka mu mtima.

Pakati pa minofu ya mtima pamakhala maselo a chitetezo, asilikali omeza tizilombo, otchedwa macrophage. Ambiri mwa iwo amalowamo munthu akadali m'mimba mwa mayi ake, ndipo amaswana okha momwemo. Ntchito yawo si nkhondo yokha. Mu 2017 akatswiri a ku Boston adapeza kuti maselowa amalumikizana ndi minofu pa kamfundo kotchedwa AV node, pamene pamadutsa mphamvu ya magetsi kuchoka m'zipinda za pamwamba kupita za pansi. Atawachotsa mu mbewa, magetsi adayamba kudukiza ndipo mtima udasokonekera kagundidwe. Mu 2020 a ku Madrid adaonetsanso kuti minofu ya mtima imataya tizigawo take totha ntchito topanga mphamvu, ma mitochondria, m'timatumba tomwe ma macrophage amameza. Akasowa, zinyalala zimaunjikana, mtima n'kufooka.

Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, ma macrophage a pamalo ovulalawo amafa limodzi ndi mnofu. M'malo mwawo mumalowa ena ochokera m'magazi ndi m'kapamba. Masiku oyambirira alendowa amayambitsa kutupa ndi kuchotsa mnofu wakufa, kenako n'kuthandiza kuumba chipsera. Kutupa kukapitirira, chipinda cha mtima chimatanuka n'kulephera kupopa. Kukaletsedwa msanga, chipsera chimakhala chopyapyala ndipo khoma likhoza kung'ambika. Ndi chifukwa chake madokotala amasamala ndi mankhwala oletsa kutupa otchedwa ma steroid pa nthawiyi.

Kuchepetsa kutupa mosankha kumathandiza, koma kuli ndi mtengo wake. Pa kafukufuku wa CANTOS wa mu 2017, wa anthu 10,061 omwe mtsempha wa mtima udawatsekekerapo, mankhwala ochepetsa kutupa a canakinumab adachepetsa kubwereza kwa matendawa ndi pafupifupi 15 peresenti, koma omwalira ndi matenda a tizilombo adachulukirako. Colchicine wa 0.5 mg patsiku, yemwenso amachepetsa kutupa, adavomerezedwa pa matenda a mtima ku America mu 2023, komabe sayenera odwala impso kapena chiwindi kwambiri.

Choncho amene adadwalapo mtima asamagule okha mankhwala ochepetsa kutupa monga Brufen, Indocid, diclofenac kapena prednisolone pa golosale. Mankhwalawa amasunga madzi m'thupi, amakweza BP, ndipo Brufen amatha kulepheretsa aspirin kugwira ntchito. Pa ululu wamba Panado ndiye wabwinoko, ndipo mankhwala azitsamba aliwonse muziwaonetsa kwa dokotala musanayambe kumwa.

Ndife,
Ogwira ntchito zachipatala,
Blantyre