Njinga ya bambo ake a William yandikumbutsa njala ya 2002

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za filimu imene achinyamata a kutchalitchi kwathu anationetsa Lamlungu lachitatu la mwezi wa June, tsiku limene masiku ano akuti ndi la abambo. Ife tinazolowera la anakubala la pa 15 October, lija boma limapereka holide. La abamboli ndi lachilendo, ndipo ambirife tinangopita chifukwa tinamva kuti kukhala tiyi ndi mandasi. Anawo anapachika nsalu yoyera pakhoma la holo, n'kulumikiza pulojekita ku batire, n'kutiikira The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Filimuyi inatuluka kale mu 2019 pa Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, koma mwa azibambo pafupifupi 40 amene tinali m'holomo, amene anali ataionerapo anali atatu okha.

Poyamba kunali phwete. Chiwetel Ejiofor, amene analemba filimuyi, kuitsogolera komanso kusewera ngati a Trywell, bambo ake a William, ndi wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, ndipo Chichewa chake ndi chophunzira ukulu. Mnyamata wosewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Akatsegula pakamwa mawu ena ankatuluka chagada, moti akuluakulu ena kumbuyo ankawakonza mokweza ngati ali m'kalasi. Atangolankhula Lily Banda, wathu uja wosewera ngati Annie, mlongo wake wa William, gogo wina anati, "Eya, uyu ndiye wa kwathu." Inenso ndinaseka nawo, sindikana. Komabe munthu amene wavutikira kuphunzira chilankhulo chako pamene akanatha kungolankhulitsa mudzi wonse Chingerezi, sumuseka nthawi yaitali.

Filimuyi anaigawa m'magawo okhala ndi mitu ya Chichewa: Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala, Mphepo. Titafika pa Njala, m'holo munangoti zii. Palibenso anakonza Chichewa cha munthu. Tonse amene tapitirira zaka 35 tikuchidziwa chaka chimenecho popanda wotiuza. Mvula ya 2001 inaononga mbewu, chimanga chimene boma limasunga kuti chidzatithandize pa njala chinali chitagulitsidwa, ndipo akuluakulu anachedwa kuvomereza kuti m'midzi anthu akufa, mpaka mu February 2002 pamene Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Tinadya gaga, tinakumba zitsa za nthochi, ufa tinkagula wa m'timapepala tija tinkati walkman. Pamene filimu inaonetsa anthu akupondana pa depoti kulimbirana chimanga, mayi wina amene anakhala patsogolo panga anafunda chitenje kumutu ndipo sanavundukule mpaka chithunzicho chitadutsa.

Anthu ambiri akamakamba za filimuyi amakamba za nzeru za mwanayo, ndipo n'zoona, nzeru anali nazo. Anamuchotsa sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analephera kulipira fizi ya pafupifupi madola 80 pachaka, iye n'kumakawerenga yekha mabuku a sayansi mulaibulale, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina oyendera mphepo ndi fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugama. Koma azibambo amene ndinawaona akupukuta m'maso mobisa tsiku lija sankalirira makinawo. Analira pamene sowo inkadula felemu ya njinga.

Kwa amene sanaionere: William akufuna njinga ya bambo ake kuti aiphwasule, gudumu lake lizizunguza dayinamo, magetsiwo ayendetse mpope wotulutsa madzi m'chitsime kuti anthu alime nthawi ya chilimwe. Bamboyo akukana. Sakungokana chabe, akupsa mtima, akuswa kachitsanzo kamene mwanayo anapanga, n'kumupatsa khasu kuti akalime nthaka youma gwa imene onse awiri akudziwa kuti simera kanthu. Achinyamata m'holo muja anayamba kung'ung'udza kuti bambo uyu ndi wankhanza, wosaphunzira, wansanje ndi mwana wake yemwe. Mkulu wina wa mpingo, amene sindinamumvepo akukweza mawu chibadwire, anatembenuka n'kunena kuti, "Khalani chete ana inu, simukudziwa njinga."

Zoonadi sakuidziwa. Iwo njinga amaiona ngati ya kabaza, yoti ukwere pa keliyala ulipire utsike. Kumudzi masiku amenewo njinga inali ambulansi ya mayi woyembekezera, ngolo yopitira kuchigayo, basi yopitira kumaliro a kutali. Ndipo kwa mwamuna wa kwathu kuno ku Dedza inali ndi tanthauzo linanso. Bambo anga anali mkamwini. Munda umene ankalima unali wa kuchikazi, nyumba anamanga okha koma pa malo a eni, ndipo pa nkhani za ife ana mawu omaliza anali a malume. Chinthu chokha m'mudzi monsemo chimene munthu akanaloza n'kunena kuti ichi n'chawo chinali njinga yawo ya Humber, yakuda, imene ankaipukuta Loweruka lililonse ndi kansanza konyika mu oyilo wakale. A Trywell a mufilimu nawonso ndi munthu amene zinthu zikum'thawa chimodzichimodzi. Mkulu wake atamwalira, malo amene ankalimira limodzi anagwera kwa mwana wa malemuyo, mitengo inagulitsidwa kwa eni esiteti ya fodya, chakudya chochepa chimene anakolola anthu anabwera kudzalanda iye kulibe, mwana wake wamkazi anathawa ndi mphunzitsi. Chatsala ndi njinga. Ndiye kamwana kamene wakabereka wekha kabwere ndi zithunzi za m'buku la Chingerezi limene iwe sungawerenge, kakuuze kuti bweretsani tiidule?

Ine bambo anga sanapereke njinga. Ichi ndicho chandilembetsa kalatayi. Mu January 2002 ndinali Fomu 2, fizi panalibe, mbuzi zonse zitatu zinali zitapita kale pa mtengo wa nkhuku. Ndinawagwadira kuti agulitse njinga ndibwerere kusukulu, poti munthu wina wa pamsika anali ataifunsira. Anandiyang'ana n'kunena mawu awiri okha: "Njinga ayi." Ndinakhala pakhomo zaka ziwiri, anzanga akupita patsogolo, ndipo mumtima ndinawasungira mangawa zaka zoposa 20. Ndinkati anakonda chitsulo kuposa mwana. Ngakhale pamaliro awo mu 2015, pamene anthu ankawayamikira, mumtima mwanga munali mawu awiri aja.

Chimene ndinkachidziwa koma osachiwerengera ndi ichi. Miyezi itatu ya njala ija, bambo ankadzuka tambala woyamba n'kupalasa kuwoloka malire kupita ku Angonia, ku Mozambique, kukagwira ganyu m'minda ya anthu, malipiro ake chimanga kapena gaga. Ankatha masiku anayi kapena asanu, n'kubwera ndi kathumba pa keliyala, miyendo itatupa. Akafika amayi n'kuphika, iwo ankatema mbamu ziwiri zitatu n'kusamba m'manja, amvekere, "Ndadya kale kumene ndachokera." Ndinkakhulupirira. Ndinali mwana wa zaka 16 wanjala, ndipo bodza limene likukusiyira nsima yambiri sulifufuza. M'nyumba mwathu tinalimo asanu ndi atatu ndipo palibe anamwalira, pamene m'mudzi mwathu manda atsopano ankaoneka sabata ndi sabata. Akanandimvera n'kugulitsa njinga ija, ndikanaphunzira temu imodzi, kenako tikanadya chiyani?

Zonsezi ndinali nazo m'mutu kuyambira kale, koma zinatengera munthu wa ku London wolankhula Chichewa chopindika kuti ndizione. Kamera ikaima pankhope ya a Trywell pamene akukana, sukuona nkhanza. Ukuona mantha a munthu amene akuwerengetsera mumtima kuti zikakanika, ndalakwitsa ndine, ndipo wofa ndi mwana wanga wakhanda. Nkhope imeneyo ndinaiona mu January 2002 koma ndinaiwerenga molakwika. Bambo wa mufilimu anapereka njinga, anga anakaniza, ndipo ndikaziganizira tsopano ndikuona kuti onse awiri ankachita chinthu chimodzi.

Pali china chimene ndikuganiza kuti chinawakhudza azibambo anzanga, ngakhale palibe angavomere poyera. Kugona ndi njala kuti ana adye, mwamuna wa kumudzi amakudziwa, ndipo mwa njira ina kumam'patsa ulemu, amakhalabe mutu wa banja. Chowawa ndi kugonjera mwana. A Trywell popereka njinga akuvomereza pamaso pa mudzi wonse kuti njira imene iwo akuidziwa, ya khasu ndi kudikira mvula, yafika pothera, ndipo wodziwa chochita ndi mnyamata amene dzulodzuloli amam'tuma moto. Kenako akugwira nawo ntchito, kunyamula mitengo, kukoka chingwe, kumvera malangizo a mwana wawo. Timati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo tinakula tikuuzidwa zimenezo tsiku ndi tsiku. Palibe anatiphunzitsa chochita tsiku limene mawu okoma achokera kwa wamng'ono.

Tisaiwalenso kuti bamboyo sanasinthe maganizo yekha. Ndi mkazi wake, mayi Agnes, amene anam'khazika pansi n'kum'werengera zonse zimene banja lataya pomutsatira iye. Amayi a m'holo muja anaombera m'manja pamenepo, ndipo wina anati filimu ya tsiku la abambo yasanduka ya anakubala. Ananena zoona pang'ono. Agogo anga aakazi ankasimba za njala ya 1949 kuti amuna ambiri anachoka ati kukasaka chakudya, osabwereranso, n'kusiya akazi ndi ana. Mu 2002 zinachitikanso, ndipo mayina awo m'midzi timawadziwa. Choncho sindikulemba kuti nditamande mwamuna aliyense wovala buluku. Ndikunena za aja anabwerako ndi kathumba pa keliyala.

Opanga filimu anakometsera zina, monga amachitira. M'buku limene William analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, njingayo inali yakufa kale, yongotsamira khoma, ndipo makina oyambawo sanapope madzi, anayatsa mababu ndi wailesi pakhomo pawo. Madzi othirira anabwera pambuyo pake, William atakalankhula kumsonkhano wa TED, kumene anthu amafotokoza nzeru zatsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007 n'kupeza om'thandiza, ulendo umene unakam'fikitsa ku Dartmouth College ku America, kumene anamaliza maphunziro mu 2014. Ena akamva izi amati ndiye filimuyi inatinamiza. Ine zinandiseketsa, chifukwa m'bukumo ngakhale njinga yakufayo bamboyo anayamba waikaniza, ati adzaikonzetsa. Ameneyo ndiye bambo wa Chimalawi weniweni. Ndani wa ife alibe wailesi yakufa pamwamba pa kabati imene akuti adzaikonzetsa chaka chamawa?

Dandaulo langa, Akonzi, ndi loti filimu imene inajambulidwa ku Kasungu konkuno, ndi anthu a m'midzi yomweyo, Gule Wamkulu ali momwemo, anthu a ku America ndi ku Ulaya anaionera kale pamene eni nkhani ambiri sanaione. Netflix imafuna intaneti yamphamvu ndi khadi la kubanki, zinthu zimene mlimi wa ku Wimbe kapena wa kwathu kuno alibe. M'mavidiyo sho a m'misika yathu ana akuonera makarate omasuliridwa m'Chichewa kuyambira m'mawa mpaka usiku, koma nkhani ya agogo awo ndi njala imene makolo awo anapulumuka sakuidziwa. Ndikupempha nyumba zathu za kanema kuti zikambirane ndi eni filimuyi iulutsidwe mwalamulo, ndipo a sukulu ndi a mipingo amene ali ndi pulojekita aitane makolo ndi ana aonere limodzi. Aonere limodzi ndithu, asawagawe, chifukwa zokambirana zimene zinabuka kwathu filimu itatha zinatenga nthawi yaitali kuposa filimuyo. Mnyamata wina anafunsa bambo ake pomwepo kuti, "Ababa, inuyo 2002 munali kuti?" Bamboyo anayamba kusimba, ndipo mkazi wake yemwe anati zina akuzimva koyamba.

Ine ndilibenso wom'funsa. Nditafika kunyumba madzulo amenewo ndinaimbira foni mlongo wanga kumudzi kum'funsa za Humber ija. Akuti felemu yake ikadalipo, ili pa denga la khola la mbuzi, matayala ndi tcheni ana anachotsa kalekale. Ndam'uza kuti asaipereke kwa ogula zitsulo, ndikaitenga mwezi wamawa. Mwana wanga wamkazi, amene wakhala akundivutitsa chaka chonse kuti akufuna kukaphunzira zoika magetsi a sola m'malo mwa unamwino umene ndinam'sankhira, anamva ndikulankhula pafonipo n'kufunsa kuti chitsulo chadzimbiricho ndichita nacho chiyani. Ndamuyankha kuti ndidzaikonzetsa. Za solazo ndati tikambirana Loweruka.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa pulayimale,
Dedza