Za malipiro osafika kumapeto kwa mwezi

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Ife kuno tili bwino, ana akupereka moni. Kalata yako ndinailandira, ndipo zinandikhudza kumva kuti malipiro akumatha mwezi uli pakati, chonsecho umagwira ntchito usana ndi usiku. Wafunsa kuti ine ndimatani. Ndikuuza zomwe ndikudziwa, usankhapo wekha zokuyenera.

Usamadikire kuti usunge zotsala, ndalama sitsala. Ikangokhala m'thumba imadzipezera yokha ntchito. Tsiku lomwe malipiro alowa, patula 5 kapena 10 peresenti n'kuika ku akaunti ina yomwe khadi lake suyenda nalo. Mabanki ambiri amalola kuti uwauze azidula okha mwezi ndi mwezi, ndiye suvutikanso kulimbana ndi mtima wako. Alipo ena amagawa motere: 50 peresenti pa zofunika monga lendi, chakudya ndi mayendedwe, 30 pa zosangalatsa, 20 kusunga ndi kubweza ngongole. Kwa munthu wa lendi yokwera ngati iwe magawowa sangakwane ndendende, usadzizunze nawo. Chachikulu n'chakuti gawo losungalo lizichoka poyamba.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata yako ndi ngongole ija waitchula mongodutsa. Aise, imeneyo ndiyo ikukudyera. Taona mmene chiwongoladzanja chimayendera. Ukakongola 100 pa katapira wa 20 peresenti pamwezi n'kusiya osabweza, mwezi woyamba ifika 120, wachiwiri 144, wachitatu pafupifupi 173, wachinayi yadutsa 207. Miyezi inayi yokha, yawirikiza kawiri. Kirediti kadi, khadi la kubanki logulira zinthu pa ngongole, siithamanga chonchi, koma msampha wake ndi kandalama kochepa kaja amati ulipire pamwezi. Gawo lalikulu la kameneko limathera pa chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Ndiye lemba ngongole zonse papepala, iliyonse ndi chiwongoladzanja chake. Ya chiwongoladzanja chokwera kwambiriyo uithire zonse zomwe ungathe, zinazo uzingolipira zomwe akufuna kuti asakulipiritse chindapusa. Ikatha, ndalama yomwe inkapita kumeneko isamukire ku yotsatira. Kandalama ka pangozi kokha usakakhudze, chifukwa popanda iko matenda akabwera ubwereranso kwa wokongoza yemweyo.

Loweruka lina ukapeza mpata, tenga sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu ndi cholembera, uzunguze chilichonse chomwe chimadulidwa chokha. Upezamo kapulogalamu ka pafoni komwe unakayesa ulere n'kuiwala kukaletsa, matchanelo a TV omwe suonera, mwinanso malo ochitira masewera olimbitsa thupi komwe unapondako komaliza chaka chatha. Zoterezi n'zokoma kudula chifukwa umadula kamodzi basi, phindu lake n'kumabwera mwezi uliwonse. Foni nayo uitchere kuti izikonzanso mapulogalamu ake pa Wi-Fi pokha, apo ayi bandulo izitha uli mtulo.

Za magetsi sindichulutsa. Babu la LED la mawati 9 kapena 10 limawala ngati lakale lija la mawati 60, komanso limakhalitsa. Koma zomwe zimadya kwambiri ndi zotenthetsa: madzi osamba, mbaula, simbi. Usadzaze ketulo pofuna kapu imodzi, ndipo zovala uzisita zonse nthawi imodzi.

Kokagula zinthu pita utadya, mndandanda uli m'manja. Yerekeza mtengo wa kilogalamu kapena lita, osati wa paketi, chifukwa paketi yaikulu si nthawi zonse imakhala yotchipa. Zogula zambiri nthawi imodzi zikhale zosawonongeka msanga monga sopo. Chinthu chodula chikakukopa, chisiye masiku awiri kapena atatu, nthawi zambiri chilakolakocho chimazizira chokha. Ndipo zija amalemba kuti tatsitsa ndi theka zimandiseketsa: ngati sunali kuchifuna, palibe chomwe wapulumutsa. Komabe usachite kufika pogula nsapato zomatuka pakatha miyezi iwiri ati n'kusunga ndalama. Chomwe umagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku gula cholimba. Chakudya chamasana uzinyamula kuchokera kunyumba, koma tsiku limodzi pamlungu udzisangalatse, chifukwa bajeti yowawa kwambiri munthu saipirira.

Nkhani ya achibale opempha ndikudziwa kuti ndi yovuta, makamaka kwa iwe amene uli kutali, poti anthu amaganiza kuti kumeneko ndalama mumangotola. Ine ndingati ika mlingo wa pamwezi wothandizira abale, uwauze poyera, ukatha watha mpaka mwezi wamawa. Adzadandaula poyamba, koma kukongola pa katapira kuti utumize kwanu ndiye ayi.

Ukandiyankha undiuze chiwongoladzanja cha ngongole ija ndi zomwe wapeza pa sitetimenti, tiwerengere limodzi kuti ingathe liti. Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.