Kabichi tikumuphera mumphika

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikire kumbuyo kabichi, ndiwo imene ambiri amainyoza kuti ndi ya pamaliro ndi kusukulu zogonera komweko. Cholakwika ndi kaphikidwe kathu. Timamuthira madzi odzaza mphika, ena n'kuikamo soda kapena chidulo, kenako n'kumusiya pamoto mpaka nsima itapsa. Pomuphula amakhala atafiira, atalobodoka, fungo lili guu. Fungolo limachokera ku salufa wa m'masamba mwake, ndipo limakula akakhalitsa pamoto. Vitamini C naye amafa ndi moto ndi soda, wotsalayo n'kupita ndi madzi amene timakhetsa aja. Chikhalirecho vitamini ameneyu ndiye amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba tikadyera limodzi.

Pogula, sankhani mutu wolimba ndi wolemera m'manja. Zimandiwawa kuona pa Lizulu kapena pa Tsangano masamba obiriwira akunja akusadzulidwa n'kutayidwa kuti mutu uoneke woyera, pamene masamba amenewo ndiwo ali ndi zomanga vitamini A zambiri kuposa oyera am'kati. Chotsani owola okha.

Dulani mutuwo panayi, muuviike m'madzi a mchere mphindi 10 kuti mbozi ndi nsabwe zituluke, mutsukuluze, ndiye muyambe kuduladula. Kutsuka mutadula kale kumakokolola zabwino zake.

Theka la mutu wapakati limafuna anyezi mmodzi, matimati awiri ndi masupuni awiri a mafuta. Kazingani anyezi, ikani matimati mpaka afewe, kenako kabichi ndi mchere. Takasani, vundikirani, ndipo pakatha mphindi 5 mpaka 7 phulani akadali wobiriwira ndi wokhukhutika pang'ono. Madzi musathire. Kabichi ali ndi madzi ake ochuluka, ndipo mchere umawatulutsa.

Mukafuna wotendera, yambani ndi nsinjiro. Sungunulani masupuni atatu m'theka la kapu ya madzi, muphike ndi matimati mphindi 10, kabichi alowe pomaliza. Mukaika zonse nthawi imodzi, nsinjiro zimatsala zosapsa kapena kabichi amapserera.

Alimi nawo ndiwapemphe: mukapopera mankhwala a mbozi, dikirani masiku amene alembedwa pabotolo musanadule, chifukwa kabichi yemweyo ena amamudya wamuwisi pa tchipisi.

Wowerenga,
Ntcheu