Tiphunzitseni kumva ana athu osayankhula

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mangochi, komanso ndine malume wa mnyamata wa zaka 9 amene sayankhula. Ndiloleni ndiyambe ndi chingwe chimene chinkakhala pamtengo wa mango pakhomo pa mchemwali wanga, chifukwa ndi chimene chandilembetsa kalatayi.

Chinali chidutswa cha neti yakale ya udzudzu, chopotedwa. Kwa zaka ziwiri, mayi ake akamapita kudoko kukapikula usipa, ankam'manga nacho mwendo mwanayo, n'kumusiyira phala m'mbale pafupi. Musafulumire kumuweruza mayiyu. Nyumba yawo ili pafupi ndi mtsinje wa Shire, ndipo mwanayo akangoona madzi amathamangira konko, ng'ona sazidziwa, galimoto saliopa. Bambo ake anapita ku Joni iye ali ndi zaka 3, ndipo foni inasiya kulira kalekale. Ine mwini mbumba ndinkachiona chingwecho n'kuyang'ana kumbali, popeza ndinalibe china chomuuza mlongo wanga. Mpaka lero zimandipweteka.

Zoyankhula za anthu zinachuluka. Ena amati ndi majini, ena amati bambo ake anamukhwimira kuti akalemere kunjako, ena amangoti ndi chitsiru, mumusiye. Tinayenda kwa asing'anga, tinapita kumapemphero, mbuzi inathera m'njira. Pomaliza dokotala wina atamuyang'anitsitsa anatiuza kuti vutoli ndi la kakulidwe ka ubongo, amalitcha autism, silopatsirana, siufiti, ndipo lilibe jekeseni kapena mapiritsi olichotsa. Ananena zoona. Koma tinabwerera kunyumba ndi dzina lokha lolembedwa m'kabuku ka kuchipatala, ndipo dzina silikuuza chochita mwana akayamba kudziluma dzanja mpaka magazi.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina, mphunzitsi wa ana aulumali, amene mwa khama lake anaphunzirako pa intaneti njira yotchedwa Applied Behaviour Analysis, mwachidule ABA. Anabwera pa kabaza tsiku Loweruka, n'kukhala pamkeka maola awiri osanena zambiri, akungomuyang'ana mwanayo. Pochoka anatisiyira kope la sukulu. Tsamba lililonse analigawa patatu: chimene chinachitika asanadzilume, chimene wachita, ndi chimene ife tinachita pambuyo pake. Anati, "Alamu, kwa masabata awiri musasinthe kalikonse, muzingolemba. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mchemwali wanga sukulu analekezera sitandade 4, choncho iye ankandifotokozera madzulo, ine n'kumalemba.

Zimene kopelo linationetsa zinatichititsa manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Ife tinkati mwanayo amadziluma popanda chifukwa. Ayi ndithu. Kawirikawiri ankadziluma dzuwa likakwera, ataima pafupi ndi mtsuko wa madzi, umene unali wovundikira ndi mwala pamwamba kuti asaugwetse. Akadziluma, aliyense ankathamanga ndi kapu ya madzi kuti atonthole. Ndiye kuti kwa zaka zonsezi, m'kutentha kwa ku Mangochi kuno, mwanayo ankati "ndili ndi ludzu" m'njira yokhayo imene anaona kuti imayankhidwa msanga. Tinam'phunzitsa ndife tomwe, osadziwa.

Mayi uja anatenga kapu yobiriwira ya pulasitiki n'kuipachika pamsomali pamene mwanayo angafikire. Nthawi ya ludzu isanakwane, mmodzi wa ife ankaima kumbuyo kwake, kugwira dzanja lake mofatsa, kumutengetsa kapuyo n'kuipereka kwa mayi ake. Pompo madzi ankaperekedwa, osachedwa ngakhale pang'ono, mayi akuti "madzi!" mokondwa. Mawa lake tinkagwira pachigongono pokha, kenaka kungoloza kapuyo, kenaka osachita kanthu. Anatichenjezeratu kuti masiku oyamba zinthu zikhoza kuipa kaye, chifukwa munthu akaona kuti njira yake yakale sikugwiranso ntchito ngati kale amaiyesa mwamphamvu. Zinaterodi, ndipo mchemwali wanga anatsala pang'ono kusiya. Madzi sitinam'mane ngakhale tsiku limodzi; akadziluma tinkatchinga dzanjalo mwakachetechete, kumutengetsa kapu, n'kumupatsa. M'mawa wina, mayi ake akupeta mpunga, anangomva kanthu kakuwagunda paphewa. Anali iye, kapu ili m'manja. Mlongo wanga analira ngati pamaliro. Anati ndi tsiku loyamba mwana wake kumupempha kanthu.

Palibe matsenga apa. Maziko a ABA ndi akuti chimene munthu wachita, chikam'bweretsera chabwino, amachibwereza. Mfundoyi anaifufuza kwambiri katswiri wa ku America B. F. Skinner, ndipo mu 1968 akatswiri atatu a pa yunivesite ya Kansas, Baer, Wolf ndi Risley, analongosola mmene ingagwiritsidwire ntchito pothandiza anthu m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Ophunzira njirayi amaphunzitsidwa kufunsa kuti khalidwe lovutalo likum'pezetsa chiyani mwini wake. Mwina akufuna chinthu, monga madzi aja. Mwina akufuna kuti wina amuyang'ane. Mwina akuthawa chomuvuta, monga phokoso la chigayo kapena ntchito imene sakuimvetsa. Mwinanso chinthucho chimangom'komera m'thupi. Ndipo asanaganize zonsezi, ayambe aona ngati mwanayo sakumva ululu, dzino kapena khutu, pakuti wosayankhula sangakuuze. Ukapeza chifukwa, umam'phunzitsa njira ina yabwino yopezera chomwecho. Ukangoletsa osam'patsa njira ina, wam'tseka pakamwa kachiwiri.

Kuvala kabudula tinam'phunzitsa kuyambira kumapeto. Tinkamuveka tokha mpaka m'ntchafu, iye n'kumalizitsa kukokera m'chiuno, n'kulandira chimene amachikonda koposa, kuseweretsa madzi m'beseni. Atazolowera tinkalekezera m'mawondo, kenaka m'mapazi. Koma chimene tinachigwirira ntchito miyezi yambiri ndi liwu limodzi loti "ima". Tinayambira pabwalo, tikuyenda naye, kenaka panjira ya kumjigo, kenaka mumsewu, ndipo aliyense wa pakhomo ankanena liwu lomwelo. Chingwe chija chinachoka chifukwa cha liwu limeneli, pamodzi ndi mpanda wa bango umene tinamanga ndi chitseko chake.

Ndinganame ndikanena kuti njirayi ilibe mbiri yowawa, ndipo amene adzatiphunzitse asadzatibisire. M'zaka za m'ma 1960, Ivar Lovaas, amene anaitchukitsa pa ana a autism ku Los Angeles, ankagwiritsanso ntchito makofi ndi shoko ya magetsi. Akuluakulu ambiri a autism amene amatha kuyankhula ndi kulemba adandaula poyera kuti ali ana ankakakamizidwa kuyang'ana anthu m'maso ndi kukhazika manja pansi, kuti azioneka ngati ena onse, ndipo zinawasiyira mabala mumtima. Mawu awo ndimawatenga mozama, makamaka kwathu kuno kumene ndodo siikhala patali ndi dzanja la munthu wamkulu. Munthu amene wamva theka la maphunziro akhoza kumana mwana nsima n'kumati akum'konza khalidwe. Zimenezo ndi nkhanza, kaya wazitcha dzina lanji. Mphwanga amakupiza manja ngati mbalame akasangalala. Mayi uja anatifunsa kuti kodi zimenezi zikupweteka yani. Tinasowa yankho, ndipo tinazisiya. Timalimbana ndi zokhazo zimene zingamuvulaze kapena kumutsekera moyo: kudziluma, kuthamangira kumtsinje, kulephera kupempha, kulephera kupita yekha kuchimbudzi. Akakana chinthu ndi mutu kapena pokankha dzanja, kukanako nakonso ndi kuyankhula, ndipo timakumvera.

Tsono dandaulo langa ndi ili. Mayi anatithandizayo anasamukira boma lina kutsatira banja, ndipo chichokereni sindinakumanenso ndi munthu wodziwa zimenezi. Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Kuno malungo ndi ambiri, ndipo ana ena amene apulumuka malungo a muubongo amatsala ndi khunyu, kuchedwa kuyankhula kapena kuvutika kugwira zinthu m'mutu. Onjezanipo amene anabanika pobadwa. Ana oterewa alipo ku Makanjira, ku Namwera, ku Katuli, ku Monkey Bay, kuseri kwa nyumba kumene alendo safika. M'kalasi mwanga momwe, mwa ana oposa 100, ndimawaona awiri kapena atatu chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo safika teremu yachitatu. Ku koleji ya uphunzitsi tinauzidwa kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira. Zoti mwana akagona pansi n'kumakuwa pakati pa phunziro uyambire pati, ndinaziphunzira pamkeka kwa mchemwali wanga.

Kudikira akatswiri a masatifiketi akunja sikutithandiza. Bungwe lalikulu lopereka masatifiketi a ntchitoyi, BACB la ku America, kuyambira mu 2023 linasiya kulandira ofunsira atsopano okhala m'maiko ambiri, a mu Africa onse ali momwemo. Kafukufuku wotchuka wa Lovaas wa mu 1987 anali wa maola 40 pa sabata, mwana mmodzi ndi mphunzitsi wakewake. Ndi banja liti la msodzi lingakwanitse zimenezo? Chimene tingakwanitse ife ndi kuphunzitsa anthu amene ali kale ndi anawa tsiku lonse: amayi, agogo, alezi a m'sukulu za mkombaphala, aphunzitsi a sitandade 1 ndi 2, aphunzitsi a kumadrasa ndi a Sande sukulu, ndi alangizi a zaumoyo amene amayenda kale m'midzi ndi sikelo.

Poyambira alipo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakonza maphunziro a makolo ndi olera ana ochedwa kukula, otchedwa Caregiver Skills Training. Amakhala ndi misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo atatu oyendera banja pakhomo, ndipo anawakonza dala kuti aziphunzitsidwa ndi anthu amene si madokotala, bola akhale ndi wowayang'anira. Zambiri za m'menemo ndi zomwe tinachita ife: kutsatira chimene mwana akukonda, kum'phunzitsa kupempha, kugawa ntchito m'tizigawo, kumvetsa chifukwa cha khalidwe lovuta. Ayesedwa kale m'maiko ena a mu Africa, monga Ethiopia ndi Kenya. Tili ndi koleji ya Montfort ku Nguludi imene yakhala ikusula aphunzitsi a ana aulumali kwa zaka zambiri. Tili ndi a St John of God ku Mzuzu amene amagwira ntchito ndi ana oterewa, a PODCAM amene amasonkhanitsa makolo a ana aulumali, ndi sukulu ya zaumoyo ya KUHeS imene ili ndi nthambi pa Mangochi pompano. Ndikupempha unduna wa zamaphunziro, unduna wa zaumoyo ndi bungwe loona za anthu aulumali la MACODA kuti awakhazike pamodzi amenewa, atulutse maphunziro amodzi m'Chichewa ndi m'Chiyao. Chiyao ndikuchitchula mwadala, chifukwa agogo ambiri amene akulera anawa kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi ndicho chimene amaganizira ndi kulotera.

Ndipemphenso chimodzi, ndipo ndikuchinena ndi mtima wonse. Maphunzirowa asakhale a masiku atatu m'chipinda cha hotela ya kunyanja, anthu n'kulandira alawansi ndi pepala n'kubalalika. Luso ili limalowa m'manja, osati m'makutu. Ine ndinalakwitsa kambirimbiri: ndinkachedwa kupereka madzi, ndinkayankhula mawu ochuluka, ndinkam'gwira dzanja ngakhale pamene akanatha yekha. Ndinadziwa chifukwa panali wina wondiyang'ana n'kundikonza. Wophunzira aliyense ayesere pa mwana weniweni, makolo atavomereza, ndipo pakhale womuyendera kamodzi pamwezi, kuona kope, kufunsa mayi, ndi kuletsa msanga ngati paoneka nkhanza. Ndalama ya mafuta a njinga yamoto ya woyenderayo ndi imene khonsolo yathu ndi aphungu athu angaipeze mu thumba la chitukuko cha m'madera la CDF. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2024 tinalandira lamulo latsopano lolowa m'malo mwa la 2012. Ndikufuna mlongo wanga alione lamulo limeneli likufika pakhomo pake ngati munthu wonyamula kope. Nawo a Radio Maria ndi a wailesi ya Dzimwe atipatseko mphindi zochepa pa sabata, makolo amene adutsamo azifotokozera anzawo.

Mphwanga sanayambe kuyankhula, ndipo mwina sadzayankhula. Masiku ena amadzilumabe, makamaka akadwala kapena pakhomo pakadzaza anthu. Koma pamsomali paja tsopano pali zinthu zinayi: kapu, supuni, kachidutswa ka sopo ndi silipasi yakale imene amapereka akafuna kukayenda. Amayi atatu a m'mudzimo abwera kale kudzafunsa kuti tinapita kwa sing'anga uti. Ndawapatsa makope ndipo ndawauza zochepa zimene ndikudziwa, koma mwana wa mmodzi wa iwo amamenyetsa mutu kukhoma, ndipo pamenepo nzeru zanga zaperewera. Ndikuopa kumulangiza zolakwika. Ngati alipo wowerenga amene anaphunzira ntchitoyi mokwanira, adzere kwa akonzi. Kalasi yanga imakhala yopanda anthu Loweruka lililonse, aphunzitsi aakulu avomera kale kutibwereka, ndipo amayiwo anena kuti adzabwera ndi ana awo.

Ine wanu,
Mphunzitsi ndi malume,
Mangochi