Usathawe mayeso a madokotalawo

Lizulu, Ntcheu

Mwana wanga,

Amako andiuza kuti wakwiya chifukwa madokotala akufuna kukuyesa kukumbukira mawu, ati akukuona ngati wozerezeka. Upite ndithu. Ine ndakalambira m'chipatala, ndiye undimvere.

Matenda ako a khunyu si aja ongogwetsa munthu pansi. Zija umangoti duu, maso tong'o, kunyambita milomo, kutosatosa chitenje, n'kutsitsimuka osadziwa chomwe chachitika, kawirikawiri zimayambira mbali ya ubongo ya chakulitsipa, pafupi ndi khutu. M'katimo muli kachiwalo kotchedwa hippocampus, kena kumanzere kena kumanja, komwe kamasunga zatsopano. Kwa anthu ambiri kakumanzere ndi kamene kamagwira mawu, monga maina, nkhani ndi uthenga wotumidwa, pamene kakumanja kamathandiza kwambiri pa nkhope, zithunzi ndi njira. Ndiye akakuwerengera mawu 15 kasanu iwe n'kumabwereza, patapita mphindi 20 kapena 30 n'kukufunsanso, akufufuza mbali yomwe yafooka. Mawu akamakuthawa koma zojambula ukuzikumbukira bwinobwino, amakayikira kumanzere. Paokha mayesowa sagamula, amawaphatikiza ndi EEG, yoyeza magetsi a mu ubongo, ndi MRI, yojambula m'kati mwa mutu.

Madokotala anaphunzira izi ndi misozi ya munthu. Mu 1953 ku America, dokotala William Scoville anachotsa tiziwalo timeneti mbali zonse ziwiri mwa wodwala khunyu wina dzina lake Henry Molaison. Kugwa kunachepa, koma mpaka pomwe anamwalira mu 2008 sankathanso kusunga zatsopano. Munthu woti acheza naye m'mawa, masana anali mlendo. N'chifukwa chake kumene amachita opaleshoni ya khunyu sadula asanadziwe ngati mbali yotsalayo ingasenze ntchito yokha.

Tsono ndikukudziwa, kuyambira ku pulayimale sufuna kulephera. Uko usakachite manyazi. Mawu omwe waiwala ungonena kuti waiwala, chifukwa kuiwalako ndi kumene iwo akufuna kuona. Ngati akuyesa m'Chingerezi, upemphe Chichewa, angakuyese woiwala pomwe chakupinga ndi chilankhulo. Uwauze kuti unabadwa wamanzere, agogo ako ndi amene anakukakamiza kudya ndi lamanja. Usaseke, mwa ena amanzere mawu amakhala mbali inayo ya ubongo. Uwauzenso za malungo aja anakukomola uli wakhanda.

Ukagone mokwanira, ndipo ngati matendawa akugwira usiku wake, unene usanayambe. Mankhwala usasiye wekha ayi. Phenobarbital amalemeretsa mutu, ndikudziwa, koma wosintha ndi dokotala, ndipo uwatengere mankhwala onse omwe ukumwa akaone. Upite ndi amuna ako, poti iwo ndi amene amaona zomwe iwe sukumbukira.

Ndalama ya minibasi ndikutumizira Lachisanu ndikagulitsa mbatatesi. Amako akupereka moni kwa ana.

Ndine bambo ako.