Kalata: yankho la mphwanga pa kapulopela ka kumchira

Okondedwa Amayi ndi nonse kumudziko,

Muli bwanji? Ine kuno ku Joni ndili bwino, ndikadali pa ntchito ija yotsuka ndi kukankha mahelikopita. Mphwanga anandifunsa pa WhatsApp kuti kapulopela kakang'ono kakumchira kaja ndi kachani, mumupatse awerenge apa.

Iwe mphwanga, mapiko akuluakulu apamwamba aja ndi omwe amanyamula ndege pokankhira mpweya pansi. Koma injini ikamawapotokola mbali imodzi, thupi la ndege nalo limafuna kuzungulira mbali inayo, ndi lamulo lachitatu la Newton lomwe lija la 1687, loti ukakankha chinthu nachonso chimakukankha. Amakanika amangoti torque. Uganize dirilo ikakakamira m'khoma, chimapotoka ndi dzanja lako. Ndiye kakumchirako kamakankha mpweya cham'mbali kuti mchira usathawe, kakangoduka basi thupi lonse layamba kuzungulira anthu ali momwemo. Katswiri wopanga ndege Igor Sikorsky anawulutsa helikopita yake ya VS-300 mu 1939 ili ndi kameneka ndipo mpaka lero ambiri akutsatira zomwezo.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi ichi, payiloti akafuna kukwera sathamangitsa mapiko ayi, liwiro limakhala lomwelo, pa helikopita ya Robinson R44 pafupifupi maulendo 400 pa mphindi. Amangokoka chogwirira chakumanzere, collective, mapiko onse nkupendekeka kuti azikumba mpweya wambiri, apo injini ikuyenera kulimbikira, torque yakwera, ndiye nthawi yomweyo phazi liponde pedulo kuti kakumchira kawonjezere mphamvu, akachedwa pang'ono mphuno yapita kumbali. Manja onse ali bize, mapazinso, aaa anthuwa amadyera thukuta ndithu.

Ndege za ku America mapiko amazungulira mosemphana ndi wotchi ukayang'ana kuchokera pamwamba, ndiye powonjezera mphamvu amaponda kumanzere. Za ku France ndi ma Mi-8 a ku Russia ndi mbali inayo, phazi lamanja. Koma helikopita ya Chinook ilibe kakumchira, ili ndi mapulopela awiri akuluakulu ozungulira mosemphana, ma torque amathana okhaokha.

Amayi musadandaule, ine sindiwuluka nawo. Lamulo lathu ndi loti kumbuyo kwa ndege sitidutsako injini ikulira, poti kanthuko kakamazungulira sikawoneka nkomwe.

Mupereke moni kwa achemwali ndi ana onse.

Ine mwana wanu.